Hard drive yakunja izimaunta yokha kompyuta ikamayaka, ndichite bwanji?

fotokope_kamuzuroad

Moni akuluakulu nonse, ndikupempha nzeru. Pa shopu ya fotokope pa Kamuzu Road kuno ku Salima pali kompyuta ya pa desiki yomwe ili ndi Ubuntu 24.04. Kumbuyo kwake kuli hard drive yakunja ya 2 TB, ija yaikulu yokhala ndi adaputala yakeyake ya magetsi, ndipo ndi ya NTFS, fomati ya Windows. Ntchito zonse za makasitomala zimakhala mmenemo: makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, zithunzi, makalata ofunsira ntchito. Makompyuta ena awiri a Windows amatenga mafayilowa kudzera pa Samba, pulogalamu yogawira mafayilo pa netiweki.

Magetsi akazima n'kubweranso kompyutayo imayaka yokha, chifukwa mu BIOS munaikidwa kuti izitero. Koma disikiyo siioneka mpaka munthu alembe pasiwedi n'kudina dzina lake mu Files. Dzinanso limasinthasintha, lero /dev/sdb1, mawa /dev/sdc1 ngati fulashi ya kasitomala yatsalira pa kompyuta. Masiku ena imakaniratu ndi uthenga woti "wrong fs type, bad option, bad superblock". Chomwe ndikufuna n'choti izimaunta yokha, ndiye kuti izitseguka mafayilo ake n'kumaoneka, pamalo amodzimodzi, popanda wina kukhudza kiyibodi, komanso kompyuta isamakakamire disikiyo ikachotsedwa. Ndiyambire pati?

wamaseva_ku_linga

Achimwene, kompyutayo siinaonongeke, ndi mmene Ubuntu wa pa desiki anapangidwira. Chomwe chimamaunta disiki mukadina mu Files ndi pulogalamu yotchedwa udisks2, ndipo imaika disikiyo mu /media/dzina_lanu/ pokhapokha munthu atalowa ndi pasiwedi. Munthu asanalowe, palibe woiuza kuti igwire ntchito. Kuti disiki izimaunta kompyuta ikamayaka, iyenera kulembedwa mu fayilo ya /etc/fstab.

Za maina osinthasintha aja, Linux imapereka sda, sdb, sdc potsata disiki yomwe yayamba kuyankha. Choncho musalembe /dev/sdb1 mu fstab. Gwiritsani ntchito UUID, nambala yomwe inalembedwa m'kati mwa patishoni pa nthawi yofomata. Iyi siisintha ngakhale mutasintha chingwe kapena bowo la USB. Lumikizani disikiyo, tsegulani Terminal, mulembe:

lsblk -o NAME,SIZE,FSTYPE,LABEL,UUID

Yang'anani mzere wosonyeza 1.8T. Musadabwe kuti siinalembe 2T: opanga madisiki amawerenga ndi 1000 pomwe lsblk imawerenga ndi 1024, palibe chomwe chabedwa. UUID ya NTFS imakhala ya zilembo ndi manambala 16 popanda timizere, ya exFAT kapena FAT32 imakhala yaifupi ngati 1A2B-3C4D, ya ext4 imakhala yaitali, zilembo 36 kuphatikiza timizere. Koperani ndi mausi, musalembe pamanja, chifukwa kungosemphanitsa 0 ndi D basi zonse zaima. Onetsetsaninso kuti mwatenga ya patishoni, sdb1, osati ya disiki yonse, sdb.

Kenako pangani foda yomauntirapo ndipo musunge kope ya fstab musanaikhudze:

sudo mkdir /mnt/ntchito
sudo cp /etc/fstab /etc/fstab.yakale
sudo nano /etc/fstab

Dzina la fodalo lisakhale ndi mpata. Mu fstab mpata umatanthauza kuti gawo latha, ndiye "ntchito zathu" imayenera kulembedwa ntchito\040zathu, zomwe ndi kudziputira mavuto chabe. Pansi penipeni pa fayiloyo onjezerani mzere uwu, wonse ukhale pa mzere umodzi, UUID muike yanu:

UUID=5C3A1F7B3A1F5234 /mnt/ntchito ntfs-3g defaults,nofail,uid=1000,gid=1000,dmask=022,fmask=133 0 0

Magawo ndi 6: disiki, foda, mtundu wa fomati, zosankha, kenako manambala awiri. Nambala yoyamba ndi ya pulogalamu yakale ya dump, ingoikani 0. Yachiwiri imauza kompyuta ngati ifufuze disikiyo ikamayaka. Pa NTFS ikani 0, popeza Ubuntu 24.04 ilibe chofufuzira chenicheni cha NTFS.

Pa zosankhazo, nofail ndiye wofunika kuposa onse. Popanda iye, disiki ikasowa systemd, pulogalamu yoyendetsa kuyaka kwa Ubuntu, imaidikira masekondi 90, kenako imagwera mu emergency mode, sikirini yakuda, ndipo shopu yonse yaima. Za uid ndi gid, NTFS siidziwa umwini wa mafayilo wa Linux, ndiye mwini wake amatchulidwa pomaunta. Munthu woyamba kulembetsedwa pa Ubuntu amakhala 1000, koma tsimikizani polemba id. Pakati pa zosankha pasakhale mpata pambuyo pa koma.

Musazimitse kompyuta musanayese. Chotsani kaye disikiyo mu Files (Unmount, osazula chingwe) ngati inali yotsegula, kenako:

sudo systemctl daemon-reload
sudo findmnt --verify
sudo mount -a
df -h /mnt/ntchito

mount -a ikangobwerera osalemba kanthu, kawirikawiri ndiye kuti zatheka, koma tsimikizani ndi df, ionetse 1.8T kapena 1.9T. Ikaonetsa kukula kwa disiki ya m'kati, disiki yakunja siinamaunte. Pomaliza sinthani mzere wa path mu /etc/samba/smb.conf uloze ku /mnt/ntchito, chifukwa malo akale aja a mu /media sadzakhalaponso.

Amene safuna Terminal atha kutsegula pulogalamu ya Disks, kusankha patishoni, Edit Mount Options, kuzimitsa User Session Defaults n'kusiya chizindikiro pa Mount at system startup. Imalemba mu fstab momwemo ndipo nofail imaikamo yokha. Koma foda yomwe imasankha ndi /mnt/ kutsatana ndi UUID yonse, dzina lovuta kulilemba mu Samba, ndiye lisintheni pomwepo.

mayi_wa_netiweki

Zomwe alemba achimwene a ku Linga ndi zoona, koma nofail ali ndi mbali ina yomwe ambiri saidziwa mpaka itawaluma. Sikuti amangoletsa emergency mode. Amauzanso systemd kuti isadikire disikiyo, ipitirize kuyatsa zina zonse. Tsono disiki ya mainchesi 3.5 ngati yanuyi imatenga masekondi angapo kuti mbale zake zizungulire mokwanira, pomwe kompyuta ya SSD imakhala itafika kale patali. Samba imayamba, kompyuta ya Windows imatsegula foda, n'kupeza mulibe kanthu.

Kupeza mopanda kanthu si vuto lalikulu. Choopsa n'choti /mnt/ntchito ndi foda wamba ya pa disiki ya m'kati. Pulogalamu yokhala ndi chilolezo ikalembamo disiki yakunja isanamaunte, fayiloyo imagwera pa disiki ya m'kati. Disiki yakunja ikabwera imakhala pamwamba pake ngati mphasa yoyalidwa pa ndalama: fayilo ilipo, ikudya malo, koma palibe akuiona. Izi zimachitika kwambiri ndi ma bakapu oyenda okha usiku ndi mphamvu za root, mwini ulamuliro wonse pa kompyuta. Amadzaza disiki ya m'kati mpaka Ubuntu kulephera kutsegula, mwini wake akuganiza kuti zonse zikupita kunja.

Tsekani fodayo ikadali yopanda kanthu:

sudo umount /mnt/ntchito
ls -la /mnt/ntchito
sudo chattr +i /mnt/ntchito
sudo mount -a

ls ikaonetsa mafayilo disiki itachotsedwa, amenewo ndi obisika aja, asamutseni kaye. chattr +i imaletsa aliyense kulemba mu fodayo, ngakhale root, koma siiletsa kumaunta pamwamba pake. Mukadzafuna kuifufuta fodayo muyambe ndi chattr -i.

Chachiwiri, uzani Samba kuti idikire. Lembani sudo systemctl edit smbd (smbd ndi dzina la Samba mu systemd) ndipo pamalo omwe akusonyezani kuti mulembepo muikepo:

[Unit]
RequiresMountsFor=/mnt/ntchito

Apa smbd siiyamba mpaka disiki itamaunta, ndipo disiki ikasowa siiyamba n'komwe. Kwa shopu yomwe mafayilo onse ali pa disiki imodziyo, ndi bwino choncho: kompyuta ya Windows ikane poyera kusiyana n'kuonetsa foda yabodza. Ngati Samba yomweyo ikugawanso printa kapena mafoda ena, ganizirani kaye, chifukwa zonsezo zidzaimira limodzi.

Nthawi yodikira mutha kuichepetsa poonjezera x-systemd.device-timeout=30s pa zosankha za mu fstab. Ena amalangiza masekondi 5 kapena kucheperapo. Kwa fulashi kapena SSD palibe vuto, koma kwa disiki yaikulu yozungulira, yomwe ikuyaka nthawi imodzi ndi kompyuta magetsi atangobwera, systemd itha kutaya mtima disiki isanadzuke. 30 ndi yabwino.

Pa sikiripiti ya bakapu, ngati ilipo, mzere woyamba ukhale mountpoint -q /mnt/ntchito || exit 1 basi.

fotokope_kamuzuroad

Zikomo kwambiri achimwene ndi amayi. Ndatsatira zonse, ndazimitsa n'kuyatsanso, disiki yamaunta yokha ndipo makompyuta a Windows akuiona. Chatsala ndi uthenga uja wa "wrong fs type". Umabwera makamaka magetsi akazima wina akusunga fayilo. Kodi udzabweranso? Ndipo disikiyi nthawi zina imatengedwa kukalumikizidwa pa laputopu ya Windows 11, kodi zimenezo zikukhudzana?

fundi_wa_dwangwa

Zikukhudzana ndithu achimwene, ndipo fstab yokha siingathetse zimenezo.

Pa Linux pali madalaivala awiri odziwika a NTFS. Wakale ndi ntfs-3g. Watsopano ndi ntfs3, yemwe analowa mu kernel (mtima wa Linux) 5.15 mu 2021, ndipo Ubuntu 24.04, yomwe inatuluka ndi kernel 6.8, ili naye. ntfs3 ndi wachangu, koma salolera. NTFS ili ndi kachizindikiro kosonyeza kuti disiki siinatsekedwe bwino, ndipo magetsi akazima pakati polemba kachizindikiroko kamatsala koyaka. ntfs3 akakaona amakana kumaunta, ndipo uthenga womwe mumauona ndi womwe uja wa "wrong fs type", wosocheretsa, chifukwa fomatiyo ilibe vuto. Chifukwa chenicheni chimaoneka mukalemba sudo dmesg | grep -i ntfs, pomwe mudzapeze mawu oti "volume is dirty and force flag is not set". Mzere womwe munapatsidwa ukutchula ntfs-3g, yemwe pa vuto lotere nthawi zambiri amayeretsa yekha n'kumaunta, ndiye uthengawo uchepa. Musaike force kuti ntfs3 alole mokakamiza. Kumeneko n'kulemba pa disiki yomwe simukudziwa ngati ili bwino.

Za laputopu ija, Windows 10 ndi 11 zili ndi Fast Startup. Mukadina Shut down, Windows siizima kwathunthu, imagona itasunga zina zokhudza madisiki omwe anali olumikizidwa. Disiki ikazulidwa laputopu itazimitsidwa motero, ntfs-3g itha kuikana kapena kuimaunta yongowerenga, osalemba. Ku shopu zidzaoneka ngati Samba yaonongeka: mafayilo akutseguka koma kusunga kukukanika. Pa laputopuyo nthawi zonse muzidina Eject musanazule chingwe, Windows ikadali yoyaka. Fast Startup imazimitsidwa mu Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, kapena polemba powercfg /h off mu Command Prompt ya administrator, dziwani kuti lamulo limeneli limachotsanso Hibernate.

Disiki ikakana, mankhwala enieni ndi a Windows: ilumikizeni kumeneko mulembe chkdsk E: /f, pomwe E ndi chilembo chomwe yapatsidwa. Pa Ubuntu pali sudo ntfsfix -d /dev/sdb1, koma dzinalo lisakunamizeni. Imakonza tinthu tochepa n'kufufuta kachizindikiro kaja, siifufuza mafayilo anu. Ndi yongokuthandizani kumaliza ntchito ya kasitomala amene waima pakhomo, chkdsk ichitikebe madzulo.

Maganizo anga ndi oti disiki yokhala pa Ubuntu usana ndi usiku, kudera komwe magetsi amazima mosachenjeza, isakhale ya NTFS. Ikhale ya ext4. ext4 ndi fomati ya Linux, ili ndi journal (kaundula wa zomwe zikulembedwa pa disiki) yomwe Linux imaiwerenga yokha pomaunta, ndiye magetsi akabwera disiki imadzikonza m'masekondi ochepa popanda kuitengera kwina. Fayilo yomwe inkalembedwa pa nthawi yozimayo itha kutayika, koma disiki imamaunta. Makompyuta a Windows aja sadzadziwa n'komwe kuti mwasintha, chifukwa amalankhula ndi Samba, osati ndi disiki. Laputopu nayo ingolowa pa netiweki ya shopu m'malo monyamula disiki.

Kufomata kumafufuta zonse, ndiye koperani kaye mafayilo onse kwina ndipo mutsegule angapo kutsimikiza kuti akopedwa bwino. Onaninso ndi lsblk kuti dzina la disiki ndi liti lero, popeza mwanena nokha kuti limasintha. Imitsani smbd, kenako:

sudo umount /mnt/ntchito
sudo mkfs.ext4 -L ntchito -m 1 /dev/sdb1

-m 1 ija ili ndi ntchito. ext4 imasungira root magawo 5 pa 100 alionse, zomwe pa 2 TB ndi pafupifupi 100 GB yongokhala. Pa disiki yosungira mafayilo chabe gawo limodzi ndi lokwanira. Kufomata kumabweretsa UUID yatsopano, ndiye itengeninso, ndipo mzere wa mu fstab ukhale:

UUID=yatsopano_ija /mnt/ntchito ext4 defaults,noatime,nofail,x-systemd.device-timeout=30s 0 2

uid, gid, dmask ndi fmask zichotsedwe, ext4 siizilandira ndipo ikana kumaunta mukazisiya. Umwini umaikidwa kamodzi kokha, disiki itamaunta: sudo chown -R 1000:1000 /mnt/ntchito. Nambala 2 yakumapeto ikuuza kompyuta kuti iziifufuza pambuyo pa disiki ya m'kati.

exFAT musaiganizire pa ntchito imeneyi. Imawerengeka paliponse, inde, koma ilibe journal. FAT32 ndiye ayi ndithu, siilandira fayilo yoposa 4 GB, vidiyo imodzi ya ukwati yakana kale.

wa_sola_ku_chipoka

Ine ndiikepo za magetsi ndi kutentha, chifukwa mzere wa fstab ungakhale wolondola bwanji, disiki yosaoneka pa USB siingamaunte.

Yanuyi ili ndi adaputala ya 12V, ndiye funso ndi loti yalumikizidwa pati. Ngati kompyuta ili pa UPS kapena pa inveta koma adaputala ya disiki ili pa soketi ya khoma, magetsi akazima disiki imafa kompyuta ikadali moyo, pakati polemba. Zimenezi zimaononga kuposa kuti zonse zizimire limodzi, ndipo magetsi akabwera disikiyo imalowanso ndi dzina lina pomwe foda ija ikungopereka "Input/output error". Zonse ziwiri zikhale pa gwero limodzi. Onaninso ngati bokosi la disikilo lili ndi batani lofuna kudinidwa magetsi akabwera. Mabokosi okhala ndi swichi yeniyeni yokhala pa ON amayaka okha, koma ena a batani lofewa amadikira chala, ndipo pamenepo palibe lamulo la Linux lomwe lingathandize.

Kwa ena owerenga omwe ali ndi timadisiki ta mainchesi 2.5 todya magetsi a pa USB: bowo la USB 2.0 limalonjeza 500 mA, la USB 3.0 limalonjeza 900 mA, ndipo disiki imakoka kwambiri pa nthawi yomwe ikuyamba kuzungulira. Mukamva ikulira kuti tiki, tiki, osamaliza kudzuka, kawirikawiri ndi njala ya magetsi, osati kufa. Gwiritsani ntchito mabowo akumbuyo omwe ali pa motherboard penipeni, chingwe chachifupi, kapena USB hub yokhala ndi adaputala yake. Pa Raspberry Pi 4 mabowo onse anayi amagawana pafupifupi 1.2 A, ndiye madisiki awiri otere popanda hub ndi kufuna mavuto.

Kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala mukudziwa mmene kumatenthera, makamaka m'shopu ya malata momwe makina a fotokope akutulutsanso mpweya wotentha. Ikani smartmontools muziona:

sudo apt install smartmontools
sudo smartctl -a -d sat /dev/sdb

Mzere 194 ndi kutentha. Disiki ikamapitirira madigiri 50 ichotseni m'kabati, muiike poyera, kutali ndi kumbuyo kwa fotokope, ndipo musaifunditse nsalu poopa fumbi ikamagwira ntchito. Mzere 5 ndi 197 ndi magawo oonongeka. Manambala akumapeto a mizere iwiri imeneyi akhale 0. Akayamba kukwera, gulani ina msanga, musadikire.

Kanthu kena kakang'ono: mu BIOS onetsetsani kuti disiki ya m'kati ili pamwamba pa USB pa mndandanda wa Boot Order. Makompyuta ena akale amayesa kuyakira pa disiki yakunja n'kuima pa sikirini yakuda Ubuntu isanayambe n'komwe, munthu n'kumaimba mlandu fstab.

wamaseva_ku_linga

Za ext4 ndikugwirizana ndi a fundi, pokhapokha ngati disikiyo iyenera kumapita kwa makasitomala kapena ku studio ina ya Windows. Zikatero isiyeni ya NTFS, koma ikhale yonyamulira chabe, yokhazikika pa shopu ikhale ina. Ndipotu disiki imodzi yokhala ndi ntchito zonse si bakapu, kaya ndi ya fomati yanji.

Pa vuto lomwe atchula amayi ndi a ku Chipoka, la disiki yochedwa kudzuka kapena yolumikizidwa kompyuta itayaka kale, pali njira ina: onjezerani x-systemd.automount pa zosankha. Pamenepo systemd siimaunta pa nthawi yoyaka, imangolondera fodayo, ndipo pulogalamu iliyonse ikangoigwira ndi pomwe disiki imamaunta. Fodayo siikhalanso yotseguka kuti wina alembemo mwangozi. Kuipa kwake n'koti disiki ikasowa, aliyense wotsegula fodayo amaima kudikira mpaka masekondi 30 aja atathe, ndipo Files imaoneka ngati yafa. Mukasankha njira imeneyi chotsani RequiresMountsFor ija ya amayi, apo ayi smbd idzakokabe disikiyo poyamba ndipo simupindula kanthu. Kwa shopu yomwe disiki siichoka, ine ndingasiye mmene mwakonzeramu.

Tsiku lina mukadzalakwitsa polemba mu fstab kompyuta n'kugwera mu emergency mode, musathamangire kuikanso Ubuntu. Dinani Enter kuti mulowe, kenako:

mount -o remount,rw /
nano /etc/fstab

Ikani # kumayambiriro kwa mzere womwe munaonjezera, sungani ndi Ctrl+O, tulukani ndi Ctrl+X, mulembe reboot. Kapena bwezeretsani kope ija polemba cp /etc/fstab.yakale /etc/fstab. Pa Raspberry Pi OS, ndi pa Debian yomwe root alibe pasiwedi, mutha kupeza uthenga woti "the root account is locked" ndipo simungalowe. Pamenepo yatsani kompyuta ndi fulashi ya Ubuntu, kapena zulani memory card ya Pi muiike mu kompyuta ina ya Linux, mukonze fayiloyo kuchokera kumeneko.

Disiki ikadzalephera kumaunta popanda uthenga ulionse, poti nofail amabisa kulephera, chifukwa chake muchipeza polemba systemctl status mnt-ntchito.mount ndi journalctl -b -u mnt-ntchito.mount. Dzinalo limachokera ku dzina la foda, kamzere kopendekera kapakati kamasanduka kamzere kogona. Mukaona "Dependency failed", ndipo mu journalctl -b yonse muli "Timed out waiting for device", disiki siinaoneke pa USB kapena UUID ndi yolakwika, ndiye yang'anani chingwe, adaputala ndi lsblk. Mukaona "wrong fs type" kapena "unknown filesystem type", disiki ilipo koma vuto lili pa gawo lachitatu kapena lachinayi la mzere wanu, kapena disikiyo siinatsekedwe bwino. Koperani zomwe yalemba muziike pano tione.